Magalasi Anga Osambirira Anakafika ku Chipata

"Amake Tadala, kodi sutikesi yanu ikulu ija ili na nchito mwezi uno?"

Anandifunsa choncho Mai Zulu, aneba athu a khomo loyang'anizana ndi lathu pamdadada womwe timakhala ku Hyattsville, kuno ku Amereka. Anali ataima pakhomo panga, ine ndili ndi mbale yonyowa m'manja. Ndikanayankha zoona tsiku limenelo, bwenzi pano ndikukuonetsani zithunzi za nsomba zamawangamawanga. Koma ndinati ayi, ilibe ntchito. Ndiye mungomva nkhani basi, zithunzi palibe.

Ine ndimasamalira agogo ena achizungu ku Falls Church: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwakumbutsa mankhwala. Ndimachoka m'mamawa, sitima kenako basi, kubwera chakumadzulo. Bambo ake Tadala amalowa ntchito nthawi yomwe ine ndikuweruka, kunyumba yosungirako okalamba. Choncho ukwati wathu kwa zaka zisanu ndi ziwiri wakhala wa pachitseko penipeni. Ine ndikulowa, iwo akumanga nsapato, tisiyirane ana ndi makiyi, mpunga uli mufiriji, Pemphero sanagone masana, basi yendani bwino. (Nthawi ina anameta ndevu, ine n'kudzaona patapita masiku anayi.)

Pakhoma la agogo aja pali chithunzi cha iwo ndi malemu amuna awo ali m'madzi oyera ngati a m'botolo, atavala magalasi aakulu kumaso, kapaipi kopumira kali kukamwa. Ndinachipukuta fumbi zaka zitatu ndisanafunse. Nditafunsa anandifotokozera kuti umagona chafufumimba pamwamba pa madzi, nkhope pansi, ukupuma ndi kapaipiko, nsomba zikungodutsa kumunsi kwako osakuopa. Anawonjezera kuti makutu akakhala m'madzi palibe amene angakuitane. Mawu omalizawa ndi amene anandilowa. Aliyense wa ana awiri aang'ono akudziwa chifukwa chake.

Mu Febuluwale, kunja kukuzizira koopsa, ndinayamba kufufuza pafoni ndili m'sitima. Ndinapeza ulendo wolipiriratu zonse pamodzi: ndege, hotelo, chakudya, ndi boti loti lizikutengani kuzilumba zitatu, tsiku lililonse chilumba china. Tsiku limodzi lonse linali la kudziwe la nyanja yamchere lotchingidwa ndi miyala, komwe mafunde safika, kuja kovala magalasi. Zilumba zake zili pansi pa Amereka yemweyu, zosavutika ndi viza. Hotelo yake inali ya akuluakulu okhaokha, ana saloledwa, ndipo sindinama, mzere umenewo ndinauwerenga ndikumwetulira.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 8, ndiye Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono tija chimanditengera nthawi. Koma ndine munthu wodekha. Ndinawerenga katatu, mawu ovuta ndikuwafunsa foni. Ndikunena izi kuti musaganize kuti wina anandipusitsa. Panali mitengo iwiri: wokwera, woti ukalephera kupita amakubwezera, ndi wotsika, woti ukalephera zako zada. Panalinso kabokosi ka inshuwalansi. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti chingatilepheretse n'chiyani. Tchuthi kuntchito tinali titapatsidwa kale tonse awiri, mu Juni sukulu zikatsekera. Ana akhala ndi Mai Zulu. Ndinadina mtengo wotsikawo, kabokosi ka inshuwalansi n'kukalumpha.

Mai Zulu ndi a ku Chipata, amayi achikulire ndithu, amakhala ndi mwana wawo wamwamuna woyendetsa lole. Ana anga amawatcha ambuya. Tsiku lililonse tikakumana pamasitepe amati, "Aba ni bana banga, nthawi iliyonse muzibabweretsa chabe." Komanso sayenda. Zaka zonse ndawadziwa, ulendo wawo wautali unali wa ku Annandale kukagula nsomba zouma. Ndiye mbali ya ana ndinaiwerengera ngati yatha kale. Chimene sindinachite n'chimodzi chokha: kuwauza.

Kwathu ku Dedza mayi anatilera kuti ulendo sulengeza. Anthu azimva kuti wapita iwe utafika kale. Pobwera kuno ku Amereka, azakhali anga enieni anamva ndege itanyamuka. Ena amati n'kuopa ansanje. Ine ndine wa mpingo, zimenezo sindizilabadira kwenikweni (ndati kwenikweni). Koma palinso zifukwa zogwirika. Kuno ukangonena kuti ukukwera ndege, kaya ukupita kuti, wina akubweretsera phukusi loti ukapereke kwa msuweni wake. Ndipo ukanena kuti ukulipira ndalama kukaona nsomba, osadya, kungoziona, mawa lake nkhani ili kumudzi, ndipo mlamu amene denga lake likudontha akufuna kudziwa kuti nsombazo zili ndi chiyani.

Ndinawalumbiritsa bambo ake Tadala kuti asauze munthu. Anavomera, koma mwezi uliwonse ankandifunsa ngati Mai Zulu ndawauza. Ndinkayankha kuti tikunyamuka Loweruka, ndidzawauza Lachinayi, masiku awiri ndi okwanira kwa munthu wosayenda. Iwo ankangoti chabwino, n'kupitiriza kumanga nsapato.

Panali vuto lina laling'ono: sindinkadziwa kusambira. Mtsinje wa kwathu unali wochapira, madzi olekeza m'maondo. Ndinalembetsa maphunziro asanu ndi limodzi kudziwe losambiramo la m'dera lathu, Lachiwiri m'mawa, tsiku langa lopuma. Masiku amenewo bambo ake Tadala ankagwira maola owonjezera kuti tikwanitse ulendowo, choncho Pemphero, yemwe ali ndi zaka ziwiri, ndinkamusiya kwa Mai Zulu. Ndinawauza kuti ndikupita kuchipatala kukapimidwa pang'ono. Anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso awo n'kukaima chapakati, kenako anati ndiyende bwino, ndisathamangire basi. Sanafunse zambiri, ndipo ndinawayamikira mumtima.

Ndinkabwerako maso ali psuu, thupi lolefuka, nthawi zina ndi nseru chifukwa cha madzi amankhwala omwe ndinkameza. Mai Zulu ankandilandira ndi madzi a mandimu n'kundiuza kuti ndikagone kaye, mwana atsala naye. Kutchalitchi nako amayi anayamba kundilanda mipando ndikanyamula. Ine ndinangoti anthu a Mulungu ayamba kukoma mtima chaka chino. Kudziweko ndinaphunzira kuyandama. Kupita kutsogolo kunali kusanabwere, koma mphunzitsi anati kuzilumbako amaveka jekete loyandamitsa, ntchito yanga ikhala kupuma ndi kuyang'ana. Ziwiri zimenezo ndimazitha.

Ndinagulanso magalasi awiri ndi timapaipi take, abuluu a bambo, achikasu anga. Ndinawayesa kubafa nditakhoma chitseko, nkhope ndaviika m'madzi a m'beseni, ndikupuma ngati ng'ombe. Tsono Tadala ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndi wailesi. Chilichonse waona kunyumba chimakatuluka ku Sande sukulu, m'Chingerezi chomveka bwino, mawu okweza. Choncho magalasiwo ndinawabisa m'sutikesi yaikulu ija, m'thumba lam'kati lotseka ndi zipi.

Tafika pa funso lija tsopano. Kunali kutatsala masabata awiri. Nditati sutikesi ilibe ntchito, Mai Zulu anati akufuna kusungamo zovala za nyengo yozizira, m'kabati mwawo mwadzaza. Ndinalowa kuchipinda n'kuikoka. Ndikuwapatsa chogwirira m'manja, ndinakumbukira magalasi aja. Kuti ndiwatulutse ndimayenera kutsegula sutikesi iwo akuona, ndipo akanafunsa kuti zimenezi n'zachiyani. Ndinaima kamphindi, n'kuona kuti chapafupi n'kuisiya ipite, ndikawatenga Lachinayi powauza nkhani yonse. Ife tikwana ndi zikwama zing'onozing'ono. Ndinawathandiza kuikoka mpaka pakhomo pawo, ndi manja angawa.

Sabata yotsatira anabwera ndi ndowa ziwiri zomwe anadzalamo tomato wawo, akuti khonde lawo silikuwomba dzuwa bwino, ndiziike kwanga ndizithirira. Ndinavomera (mumtima ndikuti adzathirira okha ine kulibe). Tsiku lina ndinakumana nawo pamasitepe atasenza majumbo a nsapato za ana, mafuta odzola ndi sopo. Anati zinthu zatsika mtengo kusitolo. Ndinati ndikaoneko nane. Loweruka lake tinakumananso kwa mayi amene amatiluka tsitsi, tinakhala moyandikana maola asanu. Anandifunsa kuti ndikulukitsira chiyani malukidwe okhalitsa chonchi. Ndinati kutentha. Ndinawafunsa iwo. Anati nawonso kutentha. Wolukayo anatiyang'ana tonse awiri pagalasi, n'kupitiriza ntchito yake.

Ndinabwera kunyumba ndikudzitama kwa bambo ake Tadala kuti miyezi inayi yatha, amayi aja sakudziwa chilichonse.

Lachinayi linafika. Ndinapempha kuweruka msanga, ndinakazinga mandasi oyambira nkhani, ndinalemba papepala nthawi yomwe Pemphero amagona ndi zakudya zomwe Tadala amakana. Ndinavala chitenje chabwino n'kukagogoda. Anatsegula mwana wawo uja wa lole. Ndinapereka moni, n'kufunsa ngati amayi alipo.

"Amayi? Bananyamuka dzulo. Manje bafunika bali pafupi na Lusaka."

Ndinafunsa kuti abwera liti. Anati mu Ogasiti. Anadabwa kuti sanandiuze, kenako anadzikonza yekha kuti palibe chodabwitsa, iyenso anauzidwa Lamulungu, ndipo n'chifukwa choti anali woti awaperekeze kubwalo la ndege. Ndinayang'ana kuseri kwa phewa lake. Zovala za nyengo yozizira zinali pampando, zopindidwa bwinobwino. Ndinamupatsa mandasi aja, poti ndinali nditawanyamula kale, n'kubwerera masitepe anayi a kunyumba kwanga.

Bambo ake Tadala anali pachitseko, akumanga nsapato. Ndinawauza. Pali mawu amene mwamuna aliyense akanayankhula pamenepo, ndipo anali ndi ufulu wonse wowayankhula, koma sanatero. Anamasula chingwe chomwe anali atamanga kale, anamanganso, n'kunena kuti ndiyambe kuimba mafoni, iwo akayesa kufunsa anzawo kuntchito.

Tsono kuti upemphe munthu akusungire ana awiri masiku asanu, umayenera kumuuza komwe ukupita. Ndinayamba ndi amayi a mumpingo, mmodzimmodzi, aliyense ndikumufotokozera kuyambira pa ndege mpaka pa kapaipi. Wina anali ndi mashifiti a maola khumi ndi awiri sabata yonse. Akazi a akulu a mpingo ku Annandale anali ndi alendo ochokera kumudzi mpaka ena akugona pabalaza. Wina anati Tadala atha kumutenga koma wa matewera ayi. Wina anali ndi mpata Loweruka ndi Lamulungu lokha. Ndipo onse, ngati anapangana, ankamaliza ndi mawu amodzi: mukanandiuza sabata yatha ndikanasinthana ndi mnzanga kuntchito. Awiri anawonjezera kuti kodi m'mene ndililimu ndege ndi boti adokotala alola? Sindinamve chomwe ankatanthauza, ndipo ndinalibe nthawi yofunsa.

Ndinayesa kulumikiza zidutswazo papepala. Zinatuluka nyumba zinayi, ziwiri kuno ku Maryland komwe timakhala, ziwiri kutsidya ku Virginia, popanda munthu wowanyamula anawo kuchoka nyumba ina kupita ina. Ndinayang'ana Pemphero akugona atagwira khutu lake, n'kuling'amba pepalalo.

Pofika Lachisanu masana mpingo wonse unali ukudziwa. Pofika madzulo, mlamu wanga uja wa ku Dedza anatumiza uthenga wotifunira ulendo wabwino, n'kukumbutsa mwaulemu kuti mvula ya chaka chatha inawononga malata anayi. Chinsinsi cha miyezi inayi chinatha pa tsiku limodzi. Zonse zomwe ndinkaopa zinabwera, kupatula ulendowo.

Ndinaimbiranso a kampani yomwe inatigulitsa ulendowo. Anayankha mtsikana waulemu kwambiri, yemwe anandiwerengera pang'onopang'ono mawu omwe aja ndinawerenga katatu mu Febuluwale. Kubweza ndalama ayi. Kusintha tsiku kumatheka, koma masabata awiri ulendo usanachitike (tsiku lomwe ndinkakoka sutikesi lija). Kutenga ana ayi, hotelo ndi ya akuluakulu. Anapepesa kambirimbiri mpaka ndinayamba kumutonthoza ndine kuti mlandu si wake.

Bambo ake Tadala anati ndipite ndekha, ndavutika ndi madzi aja, iwo atsala ndi ana. Sindinama, ndinaganizirapo ndithu nthawi yonse yomwe ndinkatsuka mbale. Nditamaliza ndinati, "Ndikaone nsombazo ndekha, ndibwere ndizikufotokozerani pachitseko inu mukumanga nsapato?" Anandiyang'ana, n'kunena kuti ndiye tiphike tiyi.

Foni yanga yokha ndi imene inapita kuzilumba. Loweruka m'mawa inandiuza kuti ndege yayamba kukweza anthu. Lamulungu inandilandira kuhotelo. Tsiku lililonse kampani ija inkatumiza uthenga wonena chilumba cha lero, ndi kundikumbutsa kudzola mafuta oteteza kudzuwa. Sindinkadziwa pothimitsira. Tsiku lomwe tikanakhala kudziwe la nyanja yamchere lija tinatenga ana kupita nawo kudziwe la m'dera lathu lomwe lija. Ndinagona chafufumimba n'kuyandama, nkhope m'madzi, ndi malukidwe anga atsopano. Ndinaona matailosi abuluu ndi kalabala komangira tsitsi ka munthu wina. Koma agogo aja sananame, makutu akakhala m'madzi sumva akukuitana. Tadala akuti anaitana kasanu, n'kutheka.

Masiku asanu amenewo tinadya patebulo limodzi anthu anayi. Ndinatulukira kuti bambo ake Tadala anasiya shuga mu tiyi chaka chatha. Ine ndinali ndikuwathirirabe masipuni awiri m'fulasiki ya kuntchito, iwo n'kumamwa osanena.

Patapita sabata kunabwera chithunzi kuchokera ku Chipata. Adzukulu awiri a Mai Zulu ataima pafupi ndi njinga, wina wavala magalasi abuluu, wina achikasu, timapaipi tili kukamwa. Pansi pake panali uthenga wa mawu wothokoza chifukwa cha mphatso yomwe ndinabisa m'sutikesi. Akuti ana akondwera kwambiri ngakhale sakudziwa ntchito yake, koma wamkuluyo akumavala akamapalasa njinga, fumbi silikumulowanso m'maso.

Ndinawaimbira. Titapatsana moni ndi kufunsana za apaulendo, ndinati, "Amayi, bwanji osandiuza kuti mukupita?"

"Ah, amake Tadala, ulendo bamauza munthu? Imwe simunaleredwe?"

Kuleredwa ndinaleredwa ndithu. Ndinangowafotokozera za zilumba, boti, ndi ntchito yeniyeni ya magalasiwo. Tambala analira kumeneko.

"Manje ngati munali na ulendo, chifukwa chani simunaniuze?"

"Ulendo amauza munthu, amayi?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati akanadziwa akanasuntha ulendo wawo ndi sabata imodzi, sizikanavuta, mwana wawo anawagulira tikiti yokwera mtengo ija, yotheka kusintha tsiku. Ndinati zikomo pondiuza.

Anabwera mu Ogasiti monga ananenera mwana wawo uja. Sutikesi inabwera ndi matayala atatu, ikununkha tinsomba ta kapenta. M'kati anandisiyira kaphukusi: shawelo yoyera, kachipewa koluka ndi timasokosi. Anati ndi za uyu ali m'njira. Apa m'pamene ndinamvetsa za mandimu, mipando ya kutchalitchi ndi funso la adokotala lija. Akuti sanauze munthu aliyense, anangopempha amayi awiri atatu kuti azindikumbukira m'mapemphero. Ndinawafotokozera kuti chipatala cha Lachiwiri chija chinali dziwe. Anayang'ananso chapakati panga, osakhutira kwenikweni, n'kunena kuti ndisunge basi, munthu sudziwa.

Bambo ake Tadala akuti taphunzirapo, ulendo wina tidzanene msanga. Ndinavomera. Ndayambanso kuika padera pang'onopang'ono, mwezi wake ndikuudziwa, ndipo ulendo uno Mai Zulu ndidzawauza Lachitatu.

Zomwe zinapita ndi izi: madola zikwi ziwiri ndi mazana anayi, masiku asanu a tchuthi a anthu awiri, Lachiwiri kasanu ndi kamodzi, magalasi awiri ndi timapaipi take, tayala limodzi la sutikesi, mbale ya mandasi, ndi tomato wa Mai Zulu, amene anauma pakhonde ine ndili m'nyumba momwemo.